ZA MANGAWA A MUNTHU WA PAULENDO

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanthu kooneka kakang'ono, koma kamene katisautsa mumtima kuyambira chilimwe chathachi, pamene tinayenda ulendo wa pansi wa masiku awiri kuchokera pa boma la Mchinji kunka kwa Mkanda. Funso lake ndi ili: munthu wopita m'njira, amene amwa madzi a pa chitsime chimene sanakumbe, napuma mumthunzi wa mtengo umene sanaoke, kodi ali nao mangawa? Ndipo ngati ali nao, adzabwezera yani, popeza eni zinthuzo sawadziwa, ndipo ambiri a iwo anagona kale?

Sitikadaganiza zimenezi pakadapanda mwana wa mlongo wathu, mnyamata wophunzira wokhala ku Lilongwe, amene anatiumiriza kuti tisiye magalimoto ndi njinga za kabaza, tiyende ndi mapazi potsata tinjira ta m'midzi. Poyamba tinamseka, pakuti a msinkhu wathu tinayenda pansi chifukwa cha kusowa, ndipo sitinamvepo kuti munthu wokhala ndi ndalama ya galimoto m'thumba angasankhe dala kutupa mapazi. Koma iye anati, "Atsibweni, kwa Azungu kuyenda ndiko kupumula." Natiuza kuti ku England ziliko njira zakale za pansi zopita pakati pa minda ya anthu, kuchokera mudzi uwu kufika mudzi uwo, ndi kuti anthu a m'mizinda akatopa ndi ntchito amavala nsapato zolimba, nabereka thumba, nayenda m'menemo masiku ambiri osathamangira kanthu. Ina mwa njirazo, yotchedwa Pennine Way, inatsegulidwa m'chaka cha 1965. Kutalika kwake ndi mamailosi 268, kuyambira pa mudzi wa Edale kufikira ku Kirk Yetholm, kutsidya kwa malire m'dziko la Scotland. Ndipo chimene chinatiseketsa n'chakuti iyamba pakhomo pa nyumba ya mowa, nithera pakhomo pa inzake. Nyumba zimenezo, zimene eni ake azitcha pub, zipezeka m'midzi yambiri, ndipo wapaulendo apezamo moto, chakudya, chakumwa, kwinanso ndi pogona pomwe.

Koma chachikulu chimene mnyamatayo anadzera chinali masewera ena, dzina lake geocaching. Mayendedwe ake ndi awa: munthu atenga kabokosi kosalowa madzi, naikamo kabuku ndi pensulo ndi tinthu tina tachabechabe, nakabisa m'phanga la mtengo kapena kunsi kwa mwala, pamenepo alemba pa intaneti manambala osonyeza malowo, ndipo ena, otsogozedwa ndi foni yolandira mau a masetilaiti a GPS, adzakafunafuna. Wokapeza alemba dzina lake ndi tsiku m'kabukumo, nakabwezera pomwe kanali. Akafuna kutengamo kanthu aloledwa, koma lamulo ndi lakuti asiyemo china cholingana nacho kapena choposa. Masewerawa anayamba m'mwezi wa May 2000. Kufikira nthawi imeneyo boma la America linali kusokoneza dala mau a masetilaiti ake kuti anthu wamba asadziwe malo molunjika, ndipo makina anali kuphonya ngakhale ndi mamita 100; pa 2 May linaleka kusokonezako, ndipo m'mawa mwake munthu wina, Dave Ulmer, anabisa ndowa yakuda pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, muli mabuku, ndalama pang'ono, chitini cha nyemba ndi legeni, kuti aone ngati ena adzaipeza. Anaipeza ndithu, ndipo pofika 2017 zobisika zotere zinakwana mamiliyoni atatu pa dziko lonse. Komanso si zatsopano kwenikweni, pakuti m'chaka cha 1854 James Perrott, wolondolera alendo m'chipululu cha Dartmoor, anasiya botolo pa dambo la Cranmere Pool kuti ofikako aziikamo makadi a maina ao.

Tiulule kuti pakumva izi mtima wathu unayamba wawawa. Tinakumbukira makolo athu a dziko lino, amene njira inawadya. Itatha nkhondo ya Azungu ndi Angoni a Mpezeni m'chaka cha 1898, masiku aja boma lino linali kutchedwa Fort Manning, ndi Chipata Fort Jameson, amuna anasenza akatundu a mtengatenga kufikira tsitsi linatha pa liwombo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ambiri anatengedwa kukasenza za asilikali, ena osabwerako. Ndipo chifukwa cha msonkho anyamata anayenda pansi milungu yambiri kunka ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, ndi ku migodi ya ku Joni, atamanga ufa pang'ono ndi kampoto; ena a iwo anasanduka machona. Ngakhale lero amayi ayenda mtunda wautali ndi mwana wodwala kumsana kunka ku chipatala cha ku Kapiri kapena cha pa boma, ndipo palibe mmodzi wa iwo anena kuti ali kupumula. Tinati mumtima, Kodi si chipongwe kuti wokhuta asandutse masewera chimene chili goli kwa mnzake?

Koma titalingalira bwino tinaona kuti mlanduwo sugwira. Mlimi alima chifukwa cha njala, koma sakwiya ndi mphunzitsi wopuma ntchito amene alima maluwa pakhomo pake. Cholakwa chikadakhalapo woyenda mokondwayo akadapitirira mayi wa mwana kumsana osampatsa moni, monga ngati mayiyo ndi chokongoletsa dziko, pamodzi ndi mapiri ndi ng'ombe. Chimene chinatigwira ife ndi lamulo lija lakuti wotenga asiye; pakuti tinazindikira kuti chimene Azungu achita mosewera, makolo athu anachichita moona, moyo wao uli pomwepo.

Akulu amene munayenda kale mudzatichitira umboni. Ulendo ukakhala wa anthu ambiri, otsogola pofika pa mphambano anathyola nthambi yaiwisi, naigoneka mopingasa pa njira yosayenera, kuti otsala m'mbuyo asasokere. Kumeneko kunali kutseka njira. Wothyola nthambiyo sanapindule kanthu, pakuti iye njira anaidziwa kale. Kwa Azulu, kumene anachokera Angoni, iliko miulu ya miyala m'mbali mwa njira, imene aitcha isivivane, ndipo wopita aponyapo mwala wake, mulu nukula ndi manja a anthu osadziwana. Ndipo agogo athu anatiuza kuti wanjala wopita m'mbali mwa munda analoledwa kuthyola misale kapena kuzula chinangwa, nadya pomwepo, nasiya makoko poyera kuti mwini munda adziwe kuti panapita mlendo, si mbala. Koma akamanga mtolo kupita nao, pamenepo unali mlandu. Taonani nzeru yake: malire a kuba sanali pa kutenga iai, anali pa kunyamula ndi pa kubisa.

Tsono mangawa aja abwezedwa bwanji? Mwini munda amene munadya chinangwa chake kwa Mavwere simudzamuonanso. Ndipo mukati mumfunefune kuti mumlipire, mudzakhala ngati mwamnyoza, pakuti iye sanagulitse. Makolo anayankha mwachidule, nati kupatsa n'kuika. Kuika kuti? Si m'nkhokwe ya amene mwampatsa, pakuti iye wapita. Muika m'njira momwemo, ndipo adzatola ndi mwana wanu tsiku limene adzakhala mlendo kwa eni ake. Chotero mangawa a paulendo sayenda chobwerera monga a m'sitolo. Ayenda chamtsogolo, kuchokera kwa wotsogola kunka kwa wotsata. Ndipo popeza palibe mboni, palibe kalata, palibe bwalo limene lingaitane wosabweza, mangawa amenewa ndiwo ayesa munthu koposa ena onse. Wobweza ngongole ya ku banki sitidziwa ngati abweza chifukwa cha chilungamo kapena chifukwa cha mantha. Koma munthu amene aima ndi kubwezera mtengo wa ulalo umene wagwa, pa mtsinje umene sadzaolokanso, ameneyo tamdziwa.

Ndi maganizo amenewa tinanyamuka pa boma atalira tambala woyamba, m'mwezi wa August, chisanu chisanatheretu. Mapiri a Mchinji, kumene utumphuka mtsinje wa Bua, anali chakumadzulo kwathu, ndi nkhalango yake yosungidwa ndi boma kuyambira 1924, imene m'malo ena nkhwangwa za ootcha makala zaimeta. Minda inali mapesi okhaokha. Ana anali kukumba mbewa, amayi ali kuswa mtedza m'makonde, ndipo m'madambo mokha ndimo munali kubiriwira madimba. Pa mphambano iliyonse mnyamata anafunsa foni, ife tinafunsa anthu. Ndipo tinene zoona, foni sinaname, ndiponso inali kuyankha msanga. Kufunsa munthu kumachedwetsa, pakuti asanakulozereni njira afuna adziwe kumene mwachokera, ndinu mwana wa yani, ndi mtengo wa soya pa boma. Mnyamata anada nako kuchedwako. Ife tinamuuza kuti kumeneko ndiko kulipira, pakuti mlendo wopanda kanthu m'manja alipira ndi nkhani.

Dzuwa litapendeka tinamva phokoso la anthu, ndipo tinatulukira pa bwalo la mudzi wina, pamene amuna anakhala pa zikuni pansi pa mtengo wa mango, mbiya ya masese ili pakati. Titaodira, mwini mowa, mayi wachikulire, anatiyalira mphasa, natipatsa madzi poyamba, pambuyo pake chipanda cha thobwa, atayamba walawa yekha pamaso pathu monga mwa mwambo. Mnyamata anatinong'oneza, nati, "Atsibweni, pub yathu ndi imeneyi."

Sitifuna kunamiza owerenga athu kuti pamowa ndi pamalo oyera. Tonse taona amuna amene ananyamuka ndi ndalama za fodya, nafika kwao opanda ngakhale ya mchere. Taona chimene kachasu achita ndi chiwindi cha munthu, ndi chimene mowa wa m'timapaketi unachita ndi ana a sukulu boma lisanauletse m'chaka cha 2015. Pa bwalo lomwelo panali bambo wina amene, monga anatiuza anzake, ananyamuka dzana kukagula feteleza, ndipo njinga yake inali chitsamire pa mtengo, thumba lili lopanda kanthu. Malo opumira ayesedwa ndi ichi: kodi akubwezerani kunjira, kapena akumezani? Mowa wakale, wa dima kapena wa pamaliro, sunali wogula. Wopita m'njira anali kuitanidwa kudzamwako, ndipo mbiya ikatha zinatha, munthu natola ndodo yake. Mowa wogula sutha ndalama isanathe. Komabe ngakhale pa malonda pamenepo kanthu kakale kanatsalira, pakuti pamene tinatulutsa ndalama ya thobwa mayi uja anaibweza ndi dzanja, nati, "Bambo, ndagulitsa mowa, ludzu la mlendo sindigulitsa."

Pamenepo ndipo panachitika chimene chatilembetsa nkhani ino. Mnyamata anali ndi kabokosi kake m'thumba, ndipo anaonetsa anthu pa foni chithunzi cha dziko lao monga lioneka kumwamba, naloza kagulu ka mitengo yaitali kutsidya kwa dambo, nati kumeneko ndiko akabise, pakuti n'kokongola ndiponso kosapitapita anthu. Bwalo lonse linangoti zii. Mayi uja anaika chikho pansi, nati, "Mwana wanga, dziko lonse lino mitengo inatha. Iwe sunadzifunse chifukwa chake imeneyo yokha inatsala?" Anali manda a mudziwo, ndipo m'mbali mwake ndimo munali dambwe la Gule Wamkulu, kumene wosameta saponda. Akadalowamo yekha ndi kabokosi kake, mlandu wa mbuzi ukadakhala wochepa.

Makina amene azungulira kumwamba, pa mtunda wa makilomita 20,000, angathe kukuuzani pamene mwaima osaphonya ndi mikono yowerengeka, koma sangathe kukuuzani amene agona pansi pa mapazi anu. Foni idziwa kuti ndi pati. Sidziwa kuti ndi pa yani. Pa chithunzi chija manda ndi thengo zinali mtundu umodzi wobiriwira. Ndipo apa ndi pamene tiona choopsa chenicheni cha kayendedwe katsopanoka, chimene sichili mwa makinawo, koma mwa ife: munthu amene safunanso kufunsa njira aleka pang'onopang'ono kuona kuti dziko lili ndi eni ake. Kale kusadziwa kwathu ndiko kunatigwaditsa pamaso pa anthu a m'midzi. Tinapereka ulemu chifukwa tinawasowa. Tsopano sitiwasowa, ndipo ulemuwo uyenera kuchokera kwina, kapena sudzachokera konse.

Onjezanipo ichi, kuti osewera masewerawa amachenjezana kuti afunefune mwakachetechete, osadziwa masewera angaone pobisikapo. Ku Oregon kapena ku Dartmoor kutero kulibe kanthu. Koma kuno lingalirani mlendo wosadziwika, ali kuzungulirazungulira m'thengo kuseri kwa mudzi, maso pa kachipangizo, napisa dzanja m'phanga la mtengo, nachoka osalankhula ndi munthu. Sitinaiwale za m'miyezi ya September ndi October 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinawanda ku Mulanje ndi ku Phalombe ndi maboma oyandikana nao, anthu naphedwa ndi makamu popanda mlandu, kufikira bungwe la United Nations linachotsako antchito ake ena. Akupha aja sitiwachepetsera tchimo lao ngakhale pang'ono. Iwo anathyola lamulo la njira ku mbali ya eni mudzi, pakuti anakantha asanafunse. Koma chingwe cha kukhulupirirana chili ndi nsonga ziwiri, ina m'dzanja la mwini mudzi, ina m'dzanja la mlendo; ndipo nsonga ya mlendo ndi kamau kaja kakang'ono kakuti "Odi."

Madzulo ake tinapita kwa amfumu, amene anatipatsa pogona. Titaomba m'manja ndi kupereka kapaketi ka shuga, mnyamata anafotokoza zonse, napempha malo obisapo kabokosi kake. Ndipo timchitire chilungamo, anatiuza yekha kuti malamulo a masewerawo afuna kuti wobisa ayambe wapempha kwa mwini malo. Amfumu anaseka nthawi yaitali, nafunsa chimene chinali m'katimo. Munali kabuku, mapensulo atatu, kagalasi ndi kampira. Pamenepo analeka kuseka, natembenukira kwa ife, nati, "Bambo, ana a mudzi uno amadula pensulo imodzi patatu kuti onse alembe. Tsono inu mukabisa mapensulo atatu m'thengo lao, nimuti awa ndi a alendo a mafoni okha, mwaika mphatso kodi, kapena mwatcha msampha?"

Mau amenewo anatisowetsa tulo, ndipo kufikira lero sitinawathe. Kukhulupirika kwa osewera aja, kumene tinakutama poyamba, kwaima pa kukhuta. Iwo satenga kabokosi chifukwa kwao timabokosi totere ataya kudzala. Sabera pensulo chifukwa ali nazo khumi m'nyumba. Kodi ukoma umene sulipitsa munthu kanthu tiutche ukoma? Mwambo wa makolo wa chinangwa cha m'mbali mwa njira unayang'ana kwina: unaloleza wosowa kuti atenge, numumanga pa chinthu chimodzi chokha, kuti asabise. Masewerawa aloleza wosasowa, nabisira wosowa. Ndipo mwana wa mbuzi zake akapeza kabokosi kolimba, kotseka bwino, koti amake angasungiremo mchere m'dzinja, kali kokha m'thengo popanda mwini, natenga, ndani wa ife adzaimirira ndi kumutcha mbala?

Mnyamata sanangogonja, ndipo mau ake analinso ndi nzeru. Anati lamulo silinena kuti wotenga asiye ndalama, linena kuti asiye kanthu. Ndipo palibe munthu wosauka kotero kuti alibe kanthu kosiya. Anatinso kukhulupirika kumaphunziridwa pa zazing'ono, ndi kuti kunena kuti mwana wa m'mudzi sangathe kusunga lamulo chifukwa ndi wosauka ndiko kumnyoza koposa kumbisira. Apa tinavomera kuti watigwira, pakuti chifundo china chimakhala chipongwe chovala bwino. Mlandu anaudula amfumu. Anati kabokosi kaikidwe m'phanga la mkuyu wa pa njira ya ku chitsime, ndipo m'mawa adzaitana ana onse ndi kuwauza lamulo lake: wotenga asiye, ndipo alembe dzina. Mnyamata anadandaula kuti potero chinsinsi chatha. Amfumu anati, "Mwana wanga, m'thengo la mudzi mulibe chinsinsi kwa abusa a mbuzi, akadakapeza dzuwa lisanafike pamutu."

Za tsiku lachiwiri tinene mwachidule. Kanjira kena kamene tinakadziwa pa unyamata wathu kanathera pa waya wa esiteti, ndipo mlonda, munthu waulemu ndithu koma womangidwa ndi mau a bwana wake, anatibweza kuti tizungulire. Tinataya ora lathunthu, ndipo tinaganiza za amayi amene ataya ora lomwelo tsiku ndi tsiku ndi mitolo ya nkhuni pamutu. Maesiteti a fodya anachuluka ku Mchinji ndi ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970, pamene malo ambiri a mafumu anasanduka a lizi. Ndipo tinjira ta makolo sitinalembedwe m'buku lililonse, pakuti panalibe munthu anaganiza kuti njira ingatsekedwe. Angerezi nao njira zao sanazipeze chogona. Pa 24 April 1932 anthu mazana angapo, ambiri a iwo antchito a ku Manchester, anakwera dala phiri la Kinder Scout, limene eni chuma analitseka kuti azisakamo mbalame. Asanu anaikidwa m'ndende, koma m'chaka cha 1949 linadza lamulo lakuti njira za pansi zilembedwe pa mapu a boma. Ife a kuno tidakali kukhulupirira mapazi okha, ndipo njira yosayendedwa dzinja limodzi udzu uitenga.

Chapafupi ndi kwa Mkanda foni ya mnyamata inalira, nimlonjera kuti takulandirani ku Zambia, ife tili chiimire m'munda wa Mmalawi. Tinaseka, pakuti malire amenewo, amene Azungu anawaika m'zaka za m'ma 1890 potsata msana wa dziko pamene madzi agawikana, ena kunka ku Luangwa, ena kunka ku nyanja, anadula pakati pa mbumba imodzi. Ndipo ngakhale pa Mwami panatsegulidwa chipata chachikulu chatsopano m'chaka cha 2022, maliro ndi maukwati akali kuyenda m'tinjira takale, monganso Achewa a kuno akali kupita ku Kulamba ku Mkaika, ndi Angoni ku Ncwala ku Mtenguleni. Tinafika dzuwa litalowa, mapazi ali matuza okhaokha, ndipo tivomere kuti nsima ya usiku umenewo inakoma koposa ya masiku onse.

M'mwezi wa December, itagwa mvula yoyamba, mnyamata uja anapitanso pa mudziwo pa njinga yamoto, nakaona pa mkuyu paja. Kabokosi kanalibe, mapensulo, kagalasi ndi kampira zinapita. Koma m'phangamo munali kabuku kaja, kokulungidwa bwino m'pepala la shuga kuti kasanyowe, ndipo masamba ake onse anadzala ndi maina olembedwa ndi manja a ana, ena ndi kalasi lao lomwe, ena kawiri ndi katatu. La mlendo wa foni munalibe ngakhale limodzi. Pambali pake panali legeni yothyoka, zitsekero za mabotolo, ndi kansanza komangamo mtedza, umene mbewa zinadya n'kusiya makoko.

Iye anabwera wokhumudwa, nati masewera afa, kabokosi kabedwa, ndipo adzafafaniza malowo pa intaneti. Ife tinamfunsa ngati wakuba amakulunga kabuku kuopa mvula, ndipo iye anatifunsa ngati wokhulupirika amachoka ndi bokosi la mwini. Tinatsutsana kufikira nsima inazizira, osagwirizana. Amfumu anampatsira mau akuti ana ali kufunsa kabuku kena, pakuti m'kakaleko mulibenso polemba. Kabukuko tagula kale, pamodzi ndi mapensulo, ndipo nthawi ino tidzaziika m'chitini chakale cha mkaka chimene palibe mayi angachisirire. Mnyamata ati tikwere njinga yamoto kuti tikafike tsiku lomwelo. Ife tati tidikire mitsinje iphwe ndi udzu uume, tidzapite pansi, pakuti tifuna kudzeranso pa bwalo la mango lija, tikasiye kamtolo ka mchere kwa mayi wa thobwa.